Mmene Nsomba za m'Nyanja ya Chilwa Zinapulumukira

MATEMBA A PA MSIKA

Mu mzinda wa Lilongwe, m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, muli msika wotchuka umene anthu amautcha Msika wa Tsoka. Kumeneko kumapita anthu ofuna zovala za kaunjika, nsapato, ndiwo zamasamba ndi zina zotere. Patsidya pa mtsinjewo pali msika wina waukulu, ndipo misika iwiriyi yakhala ikulumikizidwa ndi timilatho ta mitengo ndi matabwa, pamene munthu amalipira kandalama kochepa kuti aoloke. Munthu akaoloka nayenda pang'ono, mphuno ndiyo imayamba kumuuza kuti wafika kumene amagulitsa nsomba zouma. Pamenepo pamakhala milu ya usipa ndi utaka wa ku Nyanja ya Malawi, milamba yowamba yakuda bii, ndiponso matemba.

Matemba ndi ndiwo ya munthu aliyense. Wosauka amagula kamulu kamodzi, nathira tomato ndi mchere, ana ake n'kugona atakhuta. Wolemera wa ku Area 10 naye sawanyoza. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti matemba ambiri odyedwa m'dziko muno amachokera ku Chilwa, nyanja imene nthawi zina imaphwa mpaka anthu kuyenda pansi pamene pankayenda mabwato. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inali gwa. Pa nthawi zonsezi nsomba zosawerengeka zinafera m'matope. Komabe patapita zaka zochepa matemba anadzazanso madengu.

Kodi nsombazo zinachokera kuti? Ndani anazipulumutsa? Nkhani ino ikulongosola mbiri yake.

NYAMA ZOTSAKAMIRA PA GOMBE

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, koma maiko amene ali nalo akhala akuona zachilendo kuyambira kale. Nthawi ndi nthawi anamgumi amapezeka atatsakamira pa mchenga, madzi atawasiya. Namgumi si nsomba ayi, ngakhale amaoneka ngati nsomba. Amapuma mpweya monga ng'ombe, ndipo amayamwitsa ana ake. Koma akakhala pamtunda amafa, pakuti thupi lake ndi lolemera koopsa, kotero limapsinja mapapu ake omwe, ndipo dzuwa limamutentha.

Kale anthu akapeza namgumi wotere ankangomucheka kuti atenge nyama ndi mafuta. Mu 1913 akatswiri a ku nyumba yosungiramo zachilengedwe mu mzinda wa London, motsogozedwa ndi Sidney Harmer, anapangana ndi alonda a m'magombe a dzikolo kuti aziwauza za namgumi aliyense wotsakamira. Ankalemba mtundu wake, kutalika kwake, malo ndi tsiku. Kaundula ameneyu akulembedwabe mpaka lero, ndipo waphunzitsa anthu zambiri za nyama zimene sizioneka kawirikawiri.

Ku South Africa, mu 1968, sitima yonyamula mafuta yotchedwa Esso Essen inataya mafuta pafupi ndi Cape Town. Mbalame za m'nyanja zosauluka, zotchedwa penguin, zinafika pagombe zitamatidwa ndi mafuta akuda. Mayi wina, dzina lake Althea Westphal, anayamba kuzisambitsa ndi kuzidyetsa kunyumba kwake, ndipo pa ntchito imeneyo panabadwa bungwe la SANCCOB. Mu 2000, pamene sitima ina yotchedwa Treasure inamira pafupi ndi chilumba cha Robben, mbalame zotere pafupifupi 19,000 zinasambitsidwa imodziimodzi ndi manja a anthu, ndipo zambiri zinabwerera m'nyanja zili zamoyo. Koma si nthawi zonse pamene manja amatha kupulumutsa. Mu 2009 anamgumi 55 anatsakamira pa Kommetjie, pafupi ndi Cape Town pomwepo. Anthu anavutika tsiku lonse kuwakankhira m'madzi, koma ambiri ankabwereranso pa mchenga, ndipo anafa.

Mbalame munthu angathe kuinyamula. Namgumi anthu makumi angathe kumukankha. Nanga pamene nyanja yonse yachoka, nisiya nsomba zochuluka ngati mchenga, angazinyamule ndani? Chaka chomwecho cha 1968, pamene mayi uja ankasambitsa mbalame ku Cape Town, funso limeneli linagwera anthu a ku Chilwa.

NYANJA YOPANDA POTULUKIRA

Nyanja ya Chilwa ili kum'mawa kwa phiri la Zomba. Imakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo mbali ya kum'mawa ili m'malire ndi dziko la Mozambique. Kuchokera mu mzinda wa Zomba kukafika pa doko la Kachulu ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 30. Kuchokera pa Kachulu munthu amaona chilumba cha Chisi, pamene pali midzi ndi minda.

David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi pa 18 Epulo 1859, miyezi isanu asanaone Nyanja ya Malawi. Analemba dzina lake kuti Shirwa, ndipo atalawa madzi ake anapeza kuti ndi owawirako. Eni dziko anali kudziwa zimenezi kuyambira kale, pakuti makolo awo ankapha nsomba momwemo.

Chifukwa chimene madziwo amawawira ndi ichi. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira, ndiwo mtsinje wa Shire. Chilwa alibe. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani, pamodzi ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, imathira madzi m'nyanjamo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umawatulutsa. Zaka zikwi zingapo zapitazo Chilwa anali wolumikizana ndi nyanja ya Chiuta, koma pakati pake panakula mtandadza wa mchenga, umene lero padutsa njanji yopita ku Nayuchi. Tsono madzi a m'Chilwa amachoka ndi dzuwa ndi mphepo basi. Madzi akamauma, mchere ndi soda zimene mitsinje inabwera nazo zimatsala, monga zimatsalira mu mphika wophwetsa.

Ndiponso nyanjayi ndi yosazama. M'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 2 kapena 3, kotero asodzi amayendetsa mabwato ndi mitengo yaitali yokankhira pansi. Kuzungulira madziwo kuli dambo lalikulu la njedza ndi udzu, m'mene asodzi amamanga zimbowera, ndizo tinyumba toyandama togonamo pa nthawi ya usodzi. Chifukwa cha kusazamaku, mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, nyanja imabwerera m'mbuyo mofulumira.

M'Nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba mazanamazana. M'Chilwa nsomba zimene asodzi amadalira ndi mitundu itatu yokha: matemba, milamba ndi makumba. Makumba a m'Chilwa ndi abale a chambo, koma ndi mtundu wakewake wa nyanja imeneyi. Ngakhale mitunduyo ndi yochepa, nsombazo zimachuluka kwambiri, pakuti madzi osaya ndi ofunda amabala chakudya chambiri. Pa zaka zabwino Chilwa wakhala akupereka gawo lalikulu la nsomba zonse zophedwa m'Malawi.

CHILALA CHA 1968

Univesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965. Pakati pa aphunzitsi ake oyamba panali Pulofesa Margaret Kalk, mayi amene anali ataphunzira kwa zaka zambiri zamoyo za m'gombe la nyanja yamchere pa chilumba cha Inhaca, pafupi ndi mzinda umene lero ndi Maputo. Mu 1966 iye ndi anzake anayamba ntchito yofufuza za Nyanja ya Chilwa. A. J. McLachlan ankaona tizilombo ta m'matope, C. Howard-Williams ankaona zomera za m'dambo, P. R. Morgan ankaona nsomba, ndipo Kalk mwini wake ankaona tizilombo tating'onoting'ono toyandama m'madzi, timene ana a nsomba amadya. Ankathandizana ndi antchito a Boma oyang'anira za nsomba, ophunzira a pa koleji, ndi asodzi amene ankawapalasa m'mabwato ndi kuwasonyeza njira za m'dambo.

Iwo anayamba ntchitoyi nyanja ikutsika kale, chifukwa mvula inali itachepa zaka zotsatana. Motero anaona ndi maso awo imfa ya nyanja kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo analemba zonse mwezi ndi mwezi. Izi zinali zisanachitikepo n'kale lonse. Nyanjayi inali itaphwapo kangapo m'zaka za m'mbuyo, ndipo akuluakulu ankakumbukira, koma panalibe amene anayeza madzi ndi kuwerenga nsomba pamene zinthuzo zinali kuchitika.

Oyamba kuvutika anali makumba. Anayamba kufa ambirimbiri madzi akadalipo, ndipo mphepo inkawaunjika pagombe. Asodzi anadabwa: nsomba ifa bwanji m'madzi? Ofufuza aja anatola nsomba zakufazo, naziyeza, nazitumbula, nayezanso madzi a pamalo pamene zinafera. Anapeza kuti madzi akakhala ochepa, mphepo yamkuntho imavundula matope a pansi. Matope amenewo amamwa mpweya umene nsomba zimapuma m'madzi, ndiponso amatseka makha, amene nsomba imapumira. Pamwamba pa izi, madzi anali kutentha, mchere unali kuchuluka, ndipo ndere zinaphimba madzi mpaka kuoneka obiriwira. Makumba amene anatsala anapinimbira, nayamba kuswana akadali aang'ono.

Pambuyo pake matemba anasowa pakati pa nyanja. Milamba inapirira kuposa zonse, pakuti mlamba uli ndi chiwalo m'mutu mwake chimene chimauthandiza kupuma mpweya wa kunja, ndipo umatha kukwawa pa matope. Koma nayonso inaunjikana pa mathiriro a mitsinje, kumene anthu ankaigwira ngakhale ndi manja. Mu 1965 asodzi a ku Chilwa anapha nsomba zoposa matani 8,000. Mu 1968 zinangokwana matani 100 okha, kapena kucheperapo. M'chilimwe cha chaka chimenecho pakati pa nyanja panasanduka chigwa cha dothi long'aluka, ndipo anthu ankayenda pansi kuchoka pa Kachulu kukafika ku Chisi.

Mabwato anagona pa dothi ngati zipika. Asodzi ena ananyamula maukonde awo kupita ku Malombe, ku Chiuta ndi ku Nyanja ya Malawi. Ena anagwira khasu. Amayi owamba nsomba, ogulitsa nkhuni, okonza mabwato ndi amalonda a pa njinga, onsewa ntchito inawathera. Ambiri ankati nyanja yapita, sidzabweranso ndi nsomba zake.

KUMENE MBEWU INABISALA

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ofufuza aja sanasiye ntchito poona kuti madzi atha. Anatsata mitsinje kuchokera ku nyanja kukwera kumtunda, nalowanso m'dambo. Kumeneko anapeza chinthu chachikulu koposa m'ntchito yao yonse.

Mitsinje nayo inali itasiya kuyenda m'malo ambiri, koma m'makhonde mwake munatsala maiwe akuya. M'dambo la njedza munatsalanso matamanda. M'maiwe ndi m'matamanda amenewa munali matemba, milamba ndi makumba amoyo. Nsombazi zinali zitathawa madzi oipa a m'nyanja, n'kukwera mitsinje kufunafuna madzi abwino. Zinali zochepa poyerekeza ndi zimene zinafa, koma zinali zamoyo, zamphongo ndi zazikazi.

Anatenganso dothi louma la pansi pa nyanja, naliika m'mabeseni, nathira madzi. Patapita masiku owerengeka m'madzimo munayamba kuoneka tizilombo tija timene ana a nsomba amadya. Mazira ake anali atagona m'dothi, osafa ndi dzuwa, kudikira madzi. Tsono zinadziwika kuti nyanja ikaphwa imasunga mbewu zake pawiri: mbewu ya chakudya m'dothi, mbewu ya nsomba m'maiwe a m'mitsinje ndi m'dambo.

Asodzi akale ankadziwa ndithu kuti m'maiwe mumatsala nsomba, pakuti ankazipha pa nthawi ya njala. Chimene chinaonekera poyera tsopano ndi chakuti nsomba zochepazo ndizo nyanja yonse ya mawa.

Antchito a Boma anayesanso njira ina. Anaweta makumba m'maiwe okumba ndi manja, nakathira ana ake m'nyanja madzi atabwera. Ntchitoyi inali yabwino, koma inali yodya ndalama, ndipo nyanja ndi yaikulu. Nsomba zimene munthu angawete ndi kunyamula m'migolo ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mitsinje imabweza yokha.

KUBWERA KWA MADZI

Mvula ya dzinja la 1968 ndi 1969 inagwa bwino, ndipo mitsinje inasefukira. Madzi anaphimba dothi long'aluka lija pamodzi ndi udzu umene unamera pamenepo. Udzuwo unaola, nusanduka manyowa a m'madzi. Mazira a m'dothi anaswa, tizilombo tinachuluka, ndipo nsomba zinatsika m'maiwe n'kupeza nyanja yodzaza ndi chakudya, yopanda opikisana nawo.

Sizinabwerere pamodzi ayi. Milamba ndiyo inayamba, pakuti mlamba umodzi waukazi umaikira mazira zikwizikwi pa udzu womizidwa, ndipo ana ake amakula msanga. Mu 1969 momwemo asodzi anayambanso kupha milamba. Matemba anatsatira patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Makumba ndiwo anachedwa koposa. Chifukwa chake n'chakuti kumba wamkazi amaikira mazira ochepa, nawafungatira m'kamwa mpaka ana ataswa, monga amachitira chambo. Nsomba yolera ana motere sichuluka msanga.

Ntchito ya ofufuza aja inatha mu 1976, ndipo mu 1979 zimene anapeza zinasindikizidwa m'buku lalikulu lokonzedwa ndi Kalk, McLachlan ndi Howard-Williams. Akatswiri a maiko ambiri amaliwerenga pofuna kudziwa za nyanja zosazama za m'maiko otentha. Pa nthawi imeneyo Chilwa anali atadzazanso, ndipo nsomba zinali kuphedwa zochuluka kuposa zimene zinkaphedwa chilala chisanafike. Bukulo linakhala m'mashelefu zaka zambiri, kufikira tsiku limene nzeru zake zinafunika.

MAFUMU ATCHINJIRIZA MAIWE

Mu 1992 kunagwa chilala choopsa m'Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo, ndipo mvula inavutanso m'zaka zotsatira. Pofika kumapeto kwa 1995 Nyanja ya Chilwa inaphwanso. Koma tsopano zinthu zinali zitasintha. Anthu okhala mozungulira nyanja anali atachuluka kwambiri kuposa mu 1968, makoka anali ambiri, ndipo njala inali m'midzi.

Owerenga aganize za munthu amene nkhokwe yake ili mbee, ana akulira, ndipo kuseri kwa mudzi kuli dziwe limene nsomba zikuchita kupanikizana. Akaponyamo khoka kamodzi kokha, banja lake lidya sabata yathunthu. Akasinja katupe n'kuthiramo, nsomba zonse ziyandama, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo agulitsako zina. Munthu wotere si woipa mtima. Ndi wanjala. Koma anthu zana akachita chimodzimodzi m'maiwe zana, madzi adzabwera m'nyanja yopanda nsomba. Mlimi wanzeru sakazinga mbewu yake ngakhale njala itavuta chotani, chifukwa amadziwa kuti mvula idzagwa. Vuto la dziwe ndi lakuti mbewu yake si ya munthu mmodzi. Aliyense amaopa kuti akaisiya iye, mnzake adzaitenga usiku.

Antchito a Dipatimenti ya za Nsomba ankadziwa zimene zinapezeka mu 1968. Ankadziwanso kuti iwo okha, pokhala ochepa, sakanatha kulonda mitsinje yonse usana ndi usiku. Tsono anapita kwa mafumu a m'mphepete mwa nyanja, a m'madera monga a Kawinga, Mposa, Kuntumanji, Mwambo, Mkumbira ndi Chiwalo. Panachitika misonkhano m'midzi. Anagwirizana kuti katupe aletsedwe, ndi kuti makoka asaponyedwe m'maiwe a m'mitsinje, pa mathiriro, ndi m'thamanda lalikulu la Mpoto kumwera kwa nyanja. M'midzi ya m'mbali mwa mitsinje munasankhidwa makomiti olonda maiwe. Wopezeka akuswa pangano ankatengeredwa kwa mfumu, nalipira chindapusa.

Kumeneku ndiko kunali kupulumutsa nsomba zotsakamira kwa anthu a ku Chilwa. Sanazinyamule, sanazisambitse, sanazikankhire m'madzi. Anangozileka, pa nthawi imene kuzileka kunali kowawa koposa.

Madzi anabwera mu 1996, ndipo nsomba zinabwerera monga mwa dongosolo lakale lija: milamba poyamba, kenaka matemba, makumba pambuyo. Makomiti a m'mitsinje anatsatidwa ndi makomiti a pa madoko. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za nsomba, limene linavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga mbali poyang'anira nsomba za m'madera mwao. Panaikidwanso nyengo yotseka nyanja kwa asodzi a makoka m'miyezi ya dzinja, pamene nsomba zimaswana.

Mbiri yoona siibisa zolakwika. Dr. Friday Njaya, amene anagwira ntchito ya za nsomba m'derali ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa dipatimentiyo, analemba za mavuto amene anatsatira. Asodzi ambiri anali atasamuka pamene makomiti ankasankhidwa, kotero pobwerera anapeza malamulo opangidwa iwo kulibe, ndi anthu ena amene sanali asodzi. Panabuka mikangano pa za chindapusa ndi kumene ndalamazo zinkapita. Pangano limene linagwira bwino pa nthawi ya mantha linayamba kufooka pa nthawi ya zochuluka.

ZAKA ZOTSATIRA

Cha kumapeto kwa 1996 Chilwa analembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, pansi pa pangano la Ramsar, ndipo anali malo oyamba a m'Malawi kulembedwamo. Chifukwa china chinali mbalame za m'madzi zosawerengeka zimene zimakhala kumeneko, zina zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia. Mu 2006 bungwe la UNESCO nalo linazindikira derali monga malo oyenera kusamalidwa pamodzi ndi anthu ake.

Nyanja inatsikanso kwambiri mu 2012. Mu 2018 mbali yaikulu inauma, mabwato nagonanso pa dothi ku Kachulu. Mvula yamphamvu ya mwezi wa Malichi 2019, imene inadza ndi namondwe wa Idai, inabweza madzi. Mu 2023 namondwe wa Freddy anadzaza nyanja mpaka madzi analowa m'minda ndi m'midzi. Umu ndi mmene Chilwa alili: amapita, nabweranso. Kuphwa kwake si chinthu chachilendo, ndipo nsomba zake zinazolowera kuyambira kale.

Choopsa chenicheni chili ku maiwe. Mitengo ikadulidwa m'mapiri a Zomba, Chikala ndi Mulanje, ndipo anthu akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, mvula imakokolola dothi n'kukwirira maiwe akuya aja. Madzi a mitsinje ina amapatutsidwa kuti athirire mpunga, monga pa Domasi ndi pa Likangala, ndipo m'chilimwe ofika kumunsi amachepa. Dambo la njedza limatenthedwa ndi kulimidwa. Ena amasoka masikito, amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo, nawasandutsa makoka okokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Mpunga ndi wofunika, nkhuni ndi zofunika, ndipo palibe amene angadzudzule munthu wofuna kudyetsa banja lake. Koma dziwe likakwiririka, pa chilala chotsatira nsomba zidzakwera mtsinje n'kupeza mchenga wokhawokha.

PHUNZIRO LA MBIRI IMENEYI

Anthu a ku London anayamba ndi kulemba za anamgumi akufa. Anthu a pa Univesite ya Malawi anayamba ndi kutola makumba akufa pagombe la Chilwa. Ntchito yotere imaoneka ngati yopanda pake, pakuti nyama yakufa siidzuka. Koma kudziwa chimene chinapha nyama ndiko kumasonyeza mmene zotsala zingapulumukire. Zimene zinalembedwa mu 1968 zinakhala zaka 27 zisanagwire ntchito yake yaikulu, ndipo zitafunika mu 1995 zinapezeka zili zokonzeka.

Komanso nzeru za m'buku pazokha sizikanalonda dziwe ndi limodzi lomwe. Panafunika mfumu yoitanitsa msonkhano, anthu ovomera kulonda usiku, ndi banja lanjala lololera kudya masamba pamene nsomba zili pafupi. Mutu umodzi susenza denga. Maina a ofufuza alipo m'mabuku, koma maina a anthu a m'midzi amene analeka maiwe sanalembedwe paliponse, ngakhale ntchito yao inali yolemera koposa.

Mayi wa ku Lilongwe amene watsika pa kamlatho ka ku Msika wa Tsoka, nagula kamulu ka matemba a ku Chilwa, wagula zidzukulu za nsomba zimene zinabisala m'maiwe a Likangala, Domasi ndi Phalombe. Nyanjayo idzaphwanso, pakuti ndiwo mkhalidwe wake. Ngati maiwe adzakhala akadali akuya, ndipo ngati anthu adzakumbukira pangano la 1995, matemba adzabweranso pa msika.